Kalata Yotseguka kwa Pulezidenti wa FIDE: Malamulo a Mpikisano Azidziwika Wotchi Isanayambe Kuyenda

Kwa a Arkady Dvorkovich
Pulezidenti wa FIDE
Lausanne, Switzerland

Olemekezeka a Pulezidenti,

Ndikulemberani kuchokera ku Malawi, limodzi mwa mayiko pafupifupi 200 amene mabungwe awo a chess ali pansi pa FIDE. Ndimasewera chess, ndimaphunzitsanso ana asukulu, ndipo mipikisano ikuluikulu imene bungwe lanu limakonza ndimaitsatira pa foni, monga amachitira anzanga ambiri kuno. Nkhani imene ndabwera nayo ndi imodzi. Wosewera amatha kupirira lamulo lowawa, malinga alidziwe asanakhale pa bolodi, aone kuti likugwira aliyense, ndipo akalangidwa auzidwe chifukwa chake. Chimene sangapirire ndi lamulo losintha masewero ali mkati, chigamulo chophikidwa kuseri, ndiponso chete wa akuluakulu pamene mphekesera zikuipitsa mbiri ya munthu. Zonse zitatuzi taziona m'mipikisano yapamwamba m'zaka zapitazi, ndipo zimene zikuchitika kumwambako sizithera komweko, zimatsikira mpaka m'maholo a sukulu mmene ana athu akusewera.

Pa bolodi la chess palibe chobisika. Tizidutswa tonse 32 timakhala pamaso pa osewera awiriwo, wotchi amaiona onse, ndipo m'masewero a nthawi yaitali aliyense amalemba papepala mmene iye ndi mnzake akuyendetsera, pamapeto onse awiri n'kusayina. Masewero amene anaseweredwa zaka 100 zapitazo mwana wa ku Dedza angathe kuwabwereza lero n'kuona yekha pamene wogonjayo anaphonyera. Ngati osewera timawalamula kuti zonse azichitira poyera chonchi, sikulakwa kupempha zomwezo kwa amene amakonza ndi kuyendetsa mpikisano.

Ndiyambe ndi za ku New York mu Disembala 2024, pa mpikisano wa dziko lonse wa rapid ndi blitz. Pa 27 Disembala Magnus Carlsen anafika atavala jinzi, yomwe malamulo a kavalidwe a mpikisanowo ankaletsa. Analipitsidwa chindapusa cha madola 200 n'kuuzidwa kuti akasinthe. Iye anati adzasintha mawa lake, choncho woyang'anira wamkulu wa masewero sanamuike pa mndandanda wa osewera ndime ya 9, ndipo Carlsen anatuluka mumpikisano wa rapid. Kufika pamenepo lamulo linkayenda mmene linalembedwera, ndipo linagwira ngakhale katswiri wotchuka kuposa onse. Ian Nepomniachtchi nayenso analipitsidwa pa mpikisano womwewo chifukwa cha nsapato, iye n'kusintha. Chaka chimodzi m'mbuyomo ku Samarkand, Anna-Maja Kazarian wa ku Netherlands anali atalipitsidwa ma euro 100 pa nkhani ya nsapato yomweyo.

Patangodutsa masiku awiri munalengeza kuti lamulo lija lafewetsedwa, jinzi yooneka bwino ikuloledwa, ndipo Carlsen anabwerera kudzasewera blitz. N'kutheka kuti lamulo lakalelo linalidi loumitsa zinthu mosayenera, ndipo ine sindikulilirira. Chondipweteka n'chakuti linasintha sabata ya mpikisano ili mkati, pambuyo pa zokambirana zimene osewera ena onse sanazimve, komanso pamene wokhudzidwa anali munthu amene othandiza ndi ndalama sakanafuna kuti asowe. Amene analipira chindapusa chawo mwakachetechete anaphunzirapo kuti lamulo limayang'ana nkhope.

Pa 31 Disembala, m'ndime yomaliza ya blitz, Carlsen anatsogola 2–0, Nepomniachtchi n'kubweza mpaka 2–2. Malamulo ankati zikatere apitirize kusewera mpaka wina apambane. Atalepherana katatu kotsatizana, Carlsen anapempha kuti agawane chikho, mnzakeyo anavomera, inunso munavomereza. Tsiku lomwelo, mumzinda womwewo, Ju Wenjun ndi Lei Tingjie analepherana kasanu m'ndime yomaliza ya amayi, koma anapitiriza mpaka Ju Wenjun anapambana masewero achisanu ndi chimodzi. Amayiwa anatsatira zimene zinalembedwa. Vuto linali m'malamulo momwemo, poti sananene kuti masewero opatula akatalika kwambiri adzatha bwanji. Mpata umenewo unayenera kutsekedwa miyezi ingapo m'mbuyo, osati usiku wa chaka chatsopano osewera awiri ataimirira pambali pa tebulo.

Chakudza sichiimba ng'oma, ndikudziwa, ndipo si zonse zimene wolemba malamulo angazione zisanachitike. Koma zadzidzidzi zikagwa m'pamene kufotokoza kumafunika kwambiri. Mu Ogasiti 2020, pa Olympiad yoyamba yosewerera pa intaneti, Haik Martirosyan wa ku Armenia anagonja kwa Nihal Sarin wa ku India m'makotafainolo chifukwa kulumikizana kwake kunaduka. Armenia inachita apilo, apiloyo inakanidwa, timuyo n'kutuluka mumpikisano mokwiya. Patapita masiku ochepa, pa 30 Ogasiti, m'ndime yomaliza ya India ndi Russia, Nihal Sarin yemwe uja ndi Divya Deshmukh nawo anadukidwa intaneti n'kugonja chifukwa nthawi inawathera. India inachita apilo, komiti sinamvane chimodzi, ndipo munagamula kuti mayiko onse awiri alandire golide. Chifukwa chimene chinaperekedwa n'chakuti tsiku limenelo panali vuto lalikulu la intaneti lomwe linakhudza mayiko ambiri, ndipo kusiyana kumeneko n'komveka. Komabe kukanalembedwa kale kuti kuduka kwa mtundu uti kumakhululukidwa, umboni wake ndi wotani, ndipo masewero amabwerezedwa kapena ayi, Levon Aronian ndi anzake a ku Armenia sakanatsala ndi maganizo oti dandaulo lawo linapepukitsidwa.

Chaka chomwecho mu Malichi, Teimour Radjabov anapempha kuti mpikisano wa Candidates wa ku Yekaterinburg, wosankha wokapikisana ndi katswiri wa dziko lonse, uimitsidwe kaye chifukwa cha mliri wa Covid-19. Pempho lake silinamveke, iye anatuluka, malo ake n'kutengedwa ndi Maxime Vachier-Lagrave. Chilengezo choyamba chinati watuluka pa zifukwa za iye mwini, ndipo anachita kudzilankhulira yekha kuti chifukwa chenicheni chinali mliri. Pa 26 Malichi mpikisanowo unaimitsidwa utangofika pakati, ndime 7 zitaseweredwa, chifukwa Russia inkatseka maulendo a ndege, ndipo unadzapitirira mu Epulo 2021. Munachita bwino pomupatsa Radjabov malo mu Candidates ya ku Madrid mu 2022, komwe anakhala wachitatu. Koma chilengezo cha bungwe chikanena chifukwa chosiyana ndi chimene mwini nkhani akunena, anthu amayamba kukayikira ngakhale zilengezo zoona zimene zikubwera pambuyo pake.

Pamene chete amavulaza kwambiri ndi pa nkhani za kubera. Pa 4 Seputembala 2022, ku Sinquefield Cup mumzinda wa Saint Louis, Hans Niemann, mnyamata wa zaka 19, anagonjetsa Carlsen m'ndime yachitatu. Mawa lake Carlsen anatuluka mumpikisano osanena chifukwa chomveka. Okonza mpikisano, amene sanali a FIDE, anakhwimitsa chipikisheni pakhomo n'kuyamba kuchedwetsa kuonetsa masewero pa intaneti ndi mphindi 15. Aliyense anadziwerengera yekha tanthauzo la zimenezi, ndipo panadutsa masiku angapo woyang'anira wamkulu asananene poyera kuti panalibe chizindikiro choti wina wabera mumpikisanowo. Niemann anavomera kuti anaberapo pa intaneti ali ndi zaka 12 ndi 16, koma anakana kuti anaberapo pa bolodi. Mu Okutobala kampani ya Chess.com inatulutsa lipoti la masamba 72 lonena kuti ayenera kuti anabera m'masewero a pa intaneti oposa 100. Iye anakasuma kukhoti kufuna madola 100 miliyoni, ndipo mbali zonse zinadzagwirizana mu Ogasiti 2023. Chigamulo cha komiti yanu yoona za khalidwe chinatuluka mu Disembala 2023: Carlsen analipitsidwa ma euro 10,000 chifukwa chotuluka mumpikisano popanda chifukwa chokwanira, pa milandu inayo n'kupezeka wosalakwa.

Kuchokera tsiku la masewero aja kufika pa chigamulochi panadutsa miyezi 15. Nthawi yonseyo nkhani inkazengedwa pa YouTube ndi pa Twitter ndi anthu opanda umboni m'manja. Wodandaula sanasonyezedwe msanga khomo loyenera kugogoda, woganiziridwa sanadziwe tsiku limene dzina lake lidzayeretsedwe kapena kutsutsidwa, ndipo osewera ena anakhala akuyang'anana ndi diso lokayika. Kufufuza za kubera kumafuna nthawi ndi akatswiri a masamu monga Kenneth Regan, zimenezo n'zoona. Koma kunena kuti dandaulo lalandiridwa, likufufuzidwa ndi ndani, ndipo yankho lidzatuluka liti, sikufuna miyezi.

Bungwe lanu likudziwa kale mtengo wa zigamulo zosafotokozedwa bwino. Pa 15 Febuluwale 1985 ku Moscow, pulezidenti wa nthawiyo Florencio Campomanes anathetsa mpikisano wa Anatoly Karpov ndi Garry Kasparov popanda wopambana, atasewera masewero 48, Karpov akutsogola 5–3, ponena kuti osewera atopa. Osewera onse awiri ananena pamaso pa atolankhani kuti anali okonzeka kupitiriza. Kusakhulupirirana kumene kunakula m'zaka zotsatira kunafika pachimake mu 1993, Kasparov ndi Nigel Short atakasewerera ukatswiri wa dziko lonse kunja kwa FIDE, ndipo chess inakhala ndi akatswiri awiri mpaka 2006.

Sindikunena kuti simudziwa kuchita bwino, chifukwa tinakuonani mukuchita. Kumayambiriro kwa Malichi 2024, kutatsala mwezi umodzi kuti Candidates iyambe ku Toronto, osewera angapo anali asanalandire ma viza. FIDE inanena vutolo poyera, inapempha boma la Canada pamaso pa dziko lonse, ndipo zinadziwika kuti zikakanika mpikisano usamukira ku Spain. Aliyense anadziwa pamene zinthu zinali. Ma viza anatuluka, mpikisano unachitika mu Epulo, Gukesh Dommaraju n'kupambana ali ndi zaka 17. Malamulo anu ambiri ali pa intaneti moti aliyense angawawerenge, njira yosanjira osewera m'mipikisano ya Swiss inalembedwa bwino moti munthu angathe kutsimikizira yekha ngati kompyuta yasanja molondola, ndipo zigamulo za komiti ya khalidwe zimasindikizidwa. Maziko alipo. Chosowa n'chakuti kachitidwe ka ku Toronto kakhale ka masiku onse.

Mwina mungadabwe kuti mphunzitsi wa kutali chonchi zikumukhudza bwanji. Taganizani za mpikisano wa Loweruka m'holo ya sukulu, wa mtundu umene umachitika m'mayiko ambiri osauka. Mwana wakwera minibasi m'bandakucha, ndalama yolembetsera atachita kupempha kwa makolo. Chilengezo chinati masewero ayamba 9 koloko, ndime zidzakhala 7. Ayamba masana, ndime n'kudulidwa kukhala 5 popanda wofunsidwa. Mndandanda wa osewera wamatidwa pakhoma, ana aunjikana kuufufuza ndi zala, kenaka wachotsedwa n'kumatidwa wina osanena chimene chasintha. Madzulo atsikana awiri afanana mapointi pamwamba. Mukawerengera njira ya Buchholz, yophatikiza mapointi a onse amene munthu wasewera nawo, wopambana ndi uyu. Mukayang'ana masewero amene awiriwo anakumana, wopambana ndi winayo. Njira zonse ziwiri n'zovomerezeka, koma woyang'anira akasankha njira ataona kale mapointi, ndiye kuti wasankha munthu. Mtsikana woluzayo sadzabweranso, ndipo mayi ake sadzaperekanso ndalama ya minibasi. Mphunzitsi akadandaula, wokonza mpikisano ali ndi poyankhira tsopano: ngakhale ku New York anasintha malamulo pakati pa mpikisano. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo, a Pulezidenti, ndipo mtengo wake pano ndi FIDE.

Choncho ndikupempha zinthu zingapo zimene zili m'manja mwanu.

Choyamba, malamulo onse a mpikisano azituluka pamodzi ndi kalata yoitanira osewera, ndipo azinena zonse: nthawi ya pa wotchi, mphindi zimene wochedwa amadikiridwa, njira zopatulira ofanana mapointi ndi ndondomeko yake kuyambira yoyamba mpaka yomaliza, mathero a masewero opatula akatalika, kavalidwe kololedwa ndi zithunzi zake, mphotho iliyonse, msonkho umene udzadulidwe, ndi tsiku limene ndalama zidzafike kwa wopambana. Wotchi ya ndime yoyamba ikangoyamba kuyenda, malamulowo asakhudzidwenso. Pakagwa zadzidzidzi zenizeni, kusinthako kulembedwe, kufike kwa osewera onse nthawi imodzi ndime yokhudzidwayo isanayambe, ndipo kusabwerere m'mbuyo kukakonza zimene zachitika kale. Ngati pulezidenti ali ndi mphamvu yogamula pa zimene malamulo sanazitchule, nthawi iliyonse imene wagwiritsa ntchito mphamvuyo azilemba chifukwa chake tsiku lomwelo.

Chachiwiri, maina a komiti ya apilo azidziwika mpikisano usanayambe, pamodzi ndi ndalama yochitira apilo komanso nthawi imene munthu ali nayo yoti apereke dandaulo. Membala amene dziko lake, kalabu yake kapena wophunzira wake akukhudzidwa azituluka m'chipinda, ndipo zizilembedwa kuti watuluka. Chigamulo chizisindikizidwa pasanathe maola 24, chikutchula lamulo limene latsatiridwa ndi mmene mavoti ayendera. Zigamulo zimenezi zizisungidwa pamalo amodzi, kuti woyang'anira masewero wa ku Lusaka kapena ku Tete akakumana ndi vuto lofanana aziona mmene anzake analithetsera.

Chachitatu, mpikisano uliwonse uzikhala ndi malo amodzi ovomerezeka olengezerapo, ndi munthu mmodzi wodziwika woyankha mafunso. Wosewera asamamve za kusintha kwa nthawi kapena malo kudzera pa tsamba la mkulu wina la pa X, kapena kwa mnzake pa WhatsApp. Zimene zagwirizanidwa pa msonkhano wa atsogoleri a matimu zizilembedwa n'kuikidwa pamalo omwewo ndime yoyamba isanayambe. Tsambalo lizikhala lopepuka, lotseguka pa foni wamba, chifukwa ambiri mwa mamembala anu amagula intaneti ya tsiku limodzi.

Chachinayi, pa nkhani za kubera pakhale njira imodzi yodziwika kwa onse. Wokayikira mnzake azipereka dandaulo lolemba kwa woyang'anira, osati kuponya mawu okuluwika pa intaneti. Njira zopimira osewera zizilengezedwa poyamba ndipo zizikhudza aliyense, kuti kukhwimitsa chipikisheni pakati pa mpikisano kusamaoneke ngati kuloza munthu chala. Kafukufuku aliyense azikhala ndi tsiku lothera, ndipo likaphonyeka anthu aziuzidwa chifukwa. Munthu akapezeka wosalakwa, mawu omuyeretsa azimveka mokweza monga mmene mawu omuneneza anamvekera.

Chachisanu, za maulendo ndi ma viza zizinenedwa msanga ndi moona. Osewera ambiri a mu Africa amachita kupita dziko lina kukafunsira viza chifukwa dziko lochititsa mpikisano lilibe ofesi ya kazembe kwawo. Kalata yoitanira ikachedwa sabata ziwiri, kwa iwo ulendo wonse watha, ndalama za tikiti zitapita kale. Dziko lisanapatsidwe mpikisano lizinena poyera ngati lidzalandire osewera a mayiko onse, kuti zisadzabwerezeke za ku Riyadh mu 2017, pamene osewera a ku Israel sanapatsidwe ma viza a mpikisano wa dziko lonse wa rapid ndi blitz.

Chachisanu ndi chimodzi, zimenezi zisathere pa mipikisano yanu yokha. Mpikisano uliwonse wofuna kuti zotsatira zake zilowe mu rating ya FIDE umalembetsedwa kudzera ku bungwe la dziko lake, ndipo pamenepo m'pamene muli ndi mphamvu. Konzani fomu ya tsamba limodzi yoti wokonza mpikisano azidzaza ndi kumata pakhomo la holo masewero asanayambe, yonena ndime, nthawi, njira zopatulira, mphotho, ndi kumene wodandaula angapite. Limbikitsani mabungwe a m'mayiko, kuphatikizapo Chess Association of Malawi, kuti fomuyo aziimasulira m'zilankhulo za kwawo, kuti kholo losadziwa Chingelezi liziwerenga lokha zimene mwana wake walonjezedwa. Pa maphunziro a oyang'anira masewero, kufotokozera wosewera chigamulo mwaulemu ndi momveka kukhale gawo la mayeso.

Ena adzati kuchita zonse poyera kumachedwetsa ntchito, kumathawitsa othandiza ndi ndalama, ndipo kungaulule zinsinsi za anthu. Zinsinsi zenizeni zilipo ndithu: matenda a wosewera, dzina la mwana wamng'ono amene akufufuzidwa, ndi njira zina zogwirira obera zimene zikaululidwa sizingagwirenso ntchito. Zimenezo zisungidwe, koma zizinenedwa kuti zasungidwa ndi chifukwa chake. Za kuchedwa, chigamulo chimene chaganiziridwa bwino sichitenga ola limodzi kuchilemba, ndipo chimene chikuvuta kuchilemba n'chimene chikufunika kuganiziridwanso. Kampani yothandiza nayo imafuna kuti dzina lake limveke pamodzi ndi masewero abwino. Ku New York, Volodar Murzin, mnyamata wa zaka 18, anatenga ukatswiri wa dziko lonse wa rapid, koma dziko linakhalira kukamba za thalauza.

A Pulezidenti, FIDE inakwanitsa zaka 100 mu 2024, kuchokera pamene inakhazikitsidwa ku Paris pa 20 Julayi 1924. Osewera ambiri amene muli nawo lero sadzafika pa Candidates kapena pa Olympiad, koma onse amalipira ndalama yolembetsera, amakhala pa bolodi nthawi yake, ndipo amagwirana chanza ngakhale agonje. Akuyenera kudziwa malamulo asanayambe kusewera, ndi kumva chifukwa cha chigamulo chilichonse chowakhudza. Ndikupempha kuti mfundo zimenezi muzitengere ku khonsolo yanu, zilowe m'malamulo olembedwa, ndipo yankho lanu mulipereke poyera, pamene tonse tingaliwerenge.

Ine wanu pa masewero a chess,

Mphunzitsi wa chess m'sukulu
Malawi